Tsiku Limene Khoma Linafiira

Njoka inaluma mayi wina cha m'ma 9 koloko m'mawa ku Nsanje, chonsecho kwawo kuli ku Chitipa. Dokotala sankamudziwa, ndipo panalibe m'bale woti n'kumufunsa. Koma ichi chinali chaka cha 2074, abale, nthawi yofunsa wodwala kuti buku lake la kuchipatala lili kuti inali itapita kalekale. Dokotala anangotchula dzina la mayiyo, ndipo kandolo kamene mayiyo anavala kukhutu kanayankhula motsitsa mawu.

"Odi, mayi. A chipatala chino akupempha kuona mbiri ya thupi lanu. Alowe?"

"Alowe, alowe msanga!" anatero mayiyo akubuula.

Asanamalize n'kubuula komwe, dokotala anali ataona kale kuti mankhwala amene anali nawo m'manja akanamupha mayiyo, chifukwa magazi ake sankagwirizana nawo. Anasintha botolo, ndipo mayiyo anapulumuka.

Nthawi yomweyo ku Lilongwe, pa khoma lalikulu lagalasi, kaphazi kobiriwira kanayenda kuchokera kummwera, kukalowa kumpoto, n'kubwerera. Sungeni Kalimbuka anakaona ndipo anamwetulira.

Zinkayenda chonchi. Mabungwe mazana atatu, zipatala, masukulu, makhoti, a njanji, a mbewu ndi ena otero, ankasunga mbiri za anthu aliyense kwake, koma onse analumikizidwa kukhala chinthu chimodzi chotchedwa Nkhokwe. Pakhomo pa Nkhokweyo panali makina oganiza otchedwa Mlonda. Wantchito wa bungwe lililonse akafuna kuona za munthu, Mlonda ankayamba wachita odi kwa mwini wake kudzera m'kandolo, ndipo pafupifupi aliyense m'dzikomo anali nako kake. Wolowa aliyense ankasiya phazi pa khoma lija, Khoma la Mapazi. Phazi lobiriwira linkatanthauza kuti mwini mbiri walola, ndipo linkangoonetsa dzina la bungwe. Phazi lofiira linkatanthauza kuti munthu walowa mwakuba. Pamenepo lamulo linali louma: Mlonda azidziwitsa mwini mbiri nthawi yomweyo, kutchula dzina la wolowayo, tsiku lake ndi zimene wawerenga, kenako n'kumuuzanso wolowayo kuti wadziwika.

Zaka zitatu zinali zitatha chiyambireni, ndipo phazi lofiira linali lisanaonekepo ngakhale limodzi. Sungeni ndiye anaphunzitsa Mlonda kumva Chichewa, ndipo sankafuna kuti munthu aiwale zimenezo. Alendo akabwera kudzaona khomalo, ankawayendetsa mothimbwidzika ngati wavala nsapato zatsopano.

Ndiye Lachitatu limenelo, akumwetulira chomwecho, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Achemwali."

Anali Mwandida, mng'ono wake, atayima pakhomo maso ali psuu. Chinkhoswe chake chinali Loweruka lomwelo, ndipo Sungeni anayamba ndi kumuseka.

"Iwe, akwati amalira Loweruka, osati lero. Telala wakuwonongera diresi?"

Mwandida sanaseke. Anamukokera mkulu wake m'kachipinda kapambali n'kutseka chitseko.

Panali nkhani imene m'banja monse ankaidziwa awiri okhawo. Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, Mwandida anapezeka ndi chotupa, ndipo madokotala anamuchotsa chiberekero kuti akhale ndi moyo. Nzeru za nthawi imeneyo zinkatha zambiri, koma pamenepo zinali zisanafike. Fatsani, mwamuna amene ankafuna kumukwatira, anali asanauzidwe. Mwandida anayesa kangapo, koma ankalephera. Potsiriza analumbira pamaso pa mkulu wake kuti Lachisanu amuuza yekha, ndi pakamwa pake, kuti Fatsani asankhe akudziwa. Anali atakonza ndi mawu omwe oyambira.

"Azakhali ake a Fatsani akudziwa," anatero Mwandida.

"Akudziwa chiyani?"

"Ndakumana nawo m'mawa uno pamsika. Andigwira dzanja, n'kundiyang'ana pamimba, n'kunena kuti, 'Usadandaule mwanawe, ana a achemwali ako ndi akonso.' Achemwali, ine ndinangoti kakasi. Mwawauza ndinu?"

"Ine? Ndife ine! Ndingayambe bwanji?"

"Ndiye ndi makina anuwa."

Sungeni anaseka, kuseka kwa munthu amene wamva zachibwana. "Mwandida, Mlonda si mayi wa pachitsime. Palibe amene angaone mbiri yako iwe usanalole. Bwera uone wekha, mtima ukhale pansi."

Mwini mbiri anali ndi ufulu woona mapazi ake, choncho Mwandida anaika chikhatho pa tebulo lagalasi. Tebulolo linawala. Sungeni ankayembekezera mapazi awiri kapena atatu a kuchipatala.

Anatuluka makumi anayi ndi limodzi, onse obiriwira.

"Iii!" anatero Sungeni.

Panali sukulu imene Mwandida anakafunsirako ntchito n'kukanidwa. Panali bungwe lina la mpingo. Panali kampani ya nyumba. Ndiye panalinso Bungwe la Njanji za Dzuwa, kasanu ndi kawiri, ndipo apo chala cha Mwandida chinaima, chifukwa Fatsani ankagwira ntchito kumeneko.

"Kumeneko kuli antchito zikwi zisanu ndi zinayi," anafulumira kunena Sungeni. "Ndipo iwe umakwera sitima sabata iliyonse. Koma nanga unkaloleranji onsewa?"

"Sindinalole."

"Zobiriwira izi, Mwandida. Unalola."

"Ndikuti sindinalole! Kandoloka kamachita odi ndili pakati pa ntchito, ine osakasamala. Munandiuza nokha kuti ndikapanda kuyankha sikatsegula."

Sungeni anayamba kupsa mtima, kupsa mtima kwa mkulu amene akutsutsidwa pa ntchito yake. "Chabwino. Mlonda amasunga mawu a chilolezo chilichonse. Iwe Mlonda, tatiseweretsa mawu a phazi loyamba."

M'chipindamo munamveka phokoso la m'sitima yodzaza. Kenako mawu a Mlonda: "Odi, a kampani ya nyumba akupempha kuona mbiri yanu. Alowe?" Ndiyeno mawu a Mwandida, akulankhula ndi munthu wina amene anamutsekera njira: "Zikomo, ndidutse nawo."

"Chilolezo chinalandiridwa," anatero Mlonda.



"Phazi lachiwiri," anatero Sungeni.

Uko kunali kuchipatala, namwino akumupatsa Mwandida mpando. "Zikomo kwambiri, mayi." Chilolezo chinalandiridwa. Phazi lachitatu ndiye linali loipitsitsa, chifukwa apo Mwandida ankayankhadi Mlonda yemweyo, mwaulemu wake wonse: "Zikomo, koma ayi, sindi..." Mlonda anali atatsegula kale pa liwu loyamba.

"Mayo ine," anatero Mwandida atagwira pakamwa. "Ndiye kuti zikomo aliyense amene ndakhala ndikunena..."

 Sungeni ankakumbukira bwinobwino. Zaka zitatu zapitazo, poyesa makinawo, akuluakulu ambiri ankadandaula kuti Mlonda ndi wogontha. Akawachitira odi, iwo ankayankha kuti "zikomo", monga amayankhira munthu wolemekezeka akamalandira mlendo, makinawo n'kungokhala duu. Madandaulo atachuluka, Sungeni anatsegula mndandanda wa mawu ovomera, pamene panali "eya", "inde", "alowe" ndi "chabwino", n'kuwonjezera liwu limodzi. Sizinamutengere ndi mphindi yomwe. Madandaulo anatha, ndipo anamuyamikira pamsonkhano. Koma nanga Mmalawi amatha ola osanena zikomo? Amanena podutsa, polandira, popepesa, potsanzika, ngakhale pokana kumene.

"Khala pomwepa," anauza mng'ono wake. Zoti wolakwa anali iye mwini sanazitchule.

A Mankhambera, mkulu wa Nkhokwe yonse, anali m'bwalo lalikulu kutsogolo kwa khoma, akumwa tiyi wawo ali chiimire. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira, kenako anaika kapu pansi mosamala kwambiri.

"Mayi Kalimbuka, tsitsani mawu. Nkhani ngati imeneyi siyofuula pagulu. Tiikambirana pamsonkhano wa mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa, bwana? Anthu akuwerengedwa panopa, tikulankhula pano!"

"Anthu angati? Mwina ndi mng'ono wanu yekha, waulemu wopitirira muyeso. Mwina ndi khumi. Mukufuna tigwedeze mabungwe mazana atatu chifukwa cha anthu khumi?"

"Ndikupatsani nambala yake," anatero Sungeni. Anapita pa tebulo lake. "Iwe Mlonda, tandiuza. Zikomo akanakhala kuti si chilolezo, mapazi olowa mwakuba akanakhala angati?"

"Kuti ndiwerenge zimenezo," anayankha Mlonda, "ndiyenera kuchotsa liwulo pa mndandanda weniweni, n'kuweruzanso mapazi onse kuyambira tsiku loyamba. Ndichite?"

Sungeni anadziwa kuti yankho lake ndi ayi. Zoterezi zinali ndi khoma lake loyeserera, m'chipinda chapansi, kumene cholakwika sichinkafika kwa anthu. Anatsegula pakamwa kuti akane. Koma a Mankhambera, pofuna kumukhazika mtima pansi, anali atamutungira madzi, ndipo anamupatsa kapuyo ndi manja awiri ngati bambo wachifundo.

"Zikomo," anatero Sungeni.

Kapu inagwa n'kusweka.

"Ayi! Mlonda, ayi! Leka!"

"Chilolezo chalandiridwa," anatero Mlonda. "Liwu lachotsedwa."

Zinayambira pakona yakumanzere. Kaphazi kamodzi kanati psuu. Kenako kena pambali pake, kenako khumi, kenako kufiira kunayenda pa galasi lonse ngati moto wolusa m'tchire mwezi wa Okutobala. Antchito makumi asanu amene anali m'bwalomo anadzuka m'mipando, pakamwa pali pululu. Wina anakuwa. Nambala imene inali pamwamba pa khoma, imene inakhala pa ziro zaka zitatu, inathamanga mpaka maso osatha kuitsatira, n'kukaima pa mamiliyoni khumi ndi anayi.

"Zimitsani!" anafuula a Mankhambera. "Mayi Kalimbuka, zimitsani chinthuchi!"

"Sichizima, bwana," anatero Sungeni ndi mawu a munthu amene akulota. "Munasaina nokha kuti uthenga wa phazi lofiira usamaimitsidwe ndi munthu aliyense, ngakhale inuyo."

Ndiye tindolo tinayamba kulankhula. Koma abale, phokoso lake! M'bwalomo aliyense anagwira khutu. Mayi wina wa pa tebulo lachitatu anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'anitsitsa mnzake amene ankadya naye limodzi masana alionse. A Mankhambera anamvetsera kawo, nkhope ikusintha, kenako anakhala pansi penipeni, pa simenti, suti ili pomwepo. Sungeni anasuzumira pawindo. Mumsewu anthu anali ataima chilili, ogulitsa ndi ogula omwe, aliyense dzanja kukhutu. Magalimoto odziyendetsa okha ankangodikira anthu amene anaima pakati pa msewu osasuntha. Dziko lonse linkauzidwa nthawi imodzi kuti ndani anasuzumira mwa yani.

Apo m'pamene Sungeni anakumbukira kuti wasiya munthu m'kachipinda.

Anamupeza Mwandida ataweramira tebulo lija. Mapazi ake onse anali ofiira tsopano, ndipo pansi pa lililonse panali dzina la munthu. Pa asanu ndi awiri a njanji aja panali dzina limodzi lokha.

"Werengani tsiku lake, achemwali," anatero Mwandida. Sankalira.

Sungeni anawerenga. Fatsani analowa koyamba zaka ziwiri zapitazo, pa 3 Meyi. Anawerenga za opaleshoni, tsamba lonse.

"Anandifunsira pa 10 Meyi," anatero Mwandida.

 Mumtima mwa Sungeni munabwera kachiyembekezo, ndipo anakagwira msangamsanga ngati munthu amene akumira. "Mwandida, taganiza bwino. Ndiye kuti anakufunsira akudziwa. Sanathawe. Nkhani ya Lachisanu ija yatha yokha, palibenso choopa."

Mwandida anapukusa mutu.

Sipanapite theka la ola, Fatsani anatulukira. Nayenso uthenga unali utamufika, ndipo anathamanga wapansi kuchokera kusiteshoni, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Anali mnyamata wooneka bwino, wofatsa monga dzina lake, ndipo anaima pakhomo manja ali m'mwamba pang'ono.

"Mwandi, ndimvere kaye. Alamu, muuzeni andimvere."

"Lankhulani," anatero Mwandida. Sungeni anadabwa, chifukwa anali asanamumvepo mng'ono wake akumutchula Fatsani kuti inu.

"Ndinalakwa, sindikukana. Koma taona, ndinadziwa, ndipo sindinasinthe. Ana si kanthu kwa ine. Ndimakufuna iweyo. Ndinkangodikira kuti udzandiuze wekha, nthawi yako ikadzakwana."

"Munkadikira."

"Eya."

"Tsiku lija kumunda wa maluwa, ndinayamba kunena, mawu n'kundithera, mpaka ndinasanza kuseri kwa mtengo. Inu munandigulira madzi n'kunena kuti mwina ndi malungo. Munkadziwa?"

Fatsani anayang'ana pansi.

"Tsiku lija munkatchula mayina amene mudzapatse ana athu, ine n'kumaseka nanu mtima ukung'ambika. Munkadziwa?"

"Ndinkafuna ndikupatse poyambira, kuti mwina ulankhula..."

"Ha! Poyambira!" Mwandida anawomba m'manja kamodzi. "Zaka ziwiri ndakhala ndikuonda ndi nkhani imeneyi, inu mukundionerera ngati filimu imene mukudziwa kale mathero ake. Nanga azakhali anu anawauza ndani?"

"Ndinangofuna malangizo. Anandilonjeza kuti sauza munthu."

"Ndiye kwanu konse akudziwa. Loweruka akanabwera kudzandivinira, akundimvera chisoni, ine ndekha ndili mbuli pakati pawo." Anapuma. "Funso limodzi lokha, a Fatsani. Tsiku loyambalo, musanandifunsire, munkasaka chiyani?"

"Palibe. Anzanga kuntchito ankachita zomwezo. Ankati munthu usanalowe m'banja uzidziwa."

"Mukanapeza china chimene simukanachipirira, mukanangosowa osandiuza chifukwa. Si choncho? Ndinakhoza mayeso amene sindinkadziwa kuti ndikulemba. Nanga maulendo ena asanu ndi umodziwo munkabwereranji?"



Sungeni sanathenso kupirira. Zinamuwawa kuona mnyamatayo akusenza yekha katundu amene theka lake linali lake. "Mwandida, chitsekocho ndinatsegula ndine. Liwu lija ndinaliika ndine pa mndandanda, ndi dzanja langali. Pakanapanda ine, Fatsani akanagogoda n'kubwerera. Ukafuna kukwiya, yamba ndi ine."

Mwandida anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo misozi inatsika. "Inuyo, achemwali? Si inu munandiveka kandoloka ndi manja anu, n'kunena kuti chinsinsi changa chili pabwino kuposa mumtima mwanga?"

"Ndine."

"Ndinali nditakonza mawu, mukudziwa? Ndinawaloweza. Ndinkafuna ndione nkhope yake pamene akumva, kuti ndidziwe ngati ndikukwatiwa ndi munthu wotani. Chinali chinthu chokhacho chimene chinali changa m'nkhani yonseyi, kuti ndinene ndekha." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Nkhope imeneyo sindidzaionanso. Anaionetsa kwa makina, ali yekha mu ofesi."

"Mwandi, Loweruka..." anayamba Fatsani.

"Achemwali, muwaimbire amalume. Muwauze asagwire nkhuku ya chinkhoswe ija, ndipo anthu a kumudzi asanyamuke."

Anavula kandolo kukhutu, n'kukaika m'chikhatho cha Sungeni, n'kupinda zala za mkulu wakeyo pamwamba pake. Kenako anadutsa pambali pa Fatsani osamukhudza, n'kutsika masitepe kukalowa m'khamu la anthu amene anali akuyamba kusonkhana pageti, ena akutukwana, ena akungolira.

Fatsani anakhala pampando n'kubisa nkhope. Kubwalo kuja a Mankhambera ankaitana dzina la Sungeni mobwerezabwereza, matelefoni a mabungwe mazana atatu akulira nthawi imodzi. Sungeni anayenda pang'onopang'ono mpaka pa tebulo lake.

"Mlonda," anatero, "kodi pali njira yobwezera zimene anthuwa anawerenga?"

"Ndingathe kutseka zitseko zonse," anayankha Mlonda. "Ndingathe kukuuzani amene analowa, nthawi yake, ndi mzere uliwonse umene maso ake anaimapo. Mukufuna chiti?"

Sungeni analuma mlomo, kuopa kuti pangatuluke liwu lililonse. Anali atamanga makina odziwa kuwerenga phazi la aliyense wolowa, koma kutulutsa chinthu m'mutu mwa munthu amene wachiona kale, zimenezo ngakhale iye mwini sankadziwa poyambira pake.